Firiza ikulira osapuma koma katundu akufewa: yambani mwaona kapakidwe musanaitane mmisiri

M'mabutchala, m'magolosale ndi m'tuntemba ta mu Lusaka muli dandaulo limodzi limene limabwerera chaka ndi chaka, makamaka dzuwa la Okutobala likayamba kuwotcha malata. Mwini malonda amaona kuti firiza yake ikulira usana ndi usiku, mayunitsi a magetsi akutha msanga pa mita, koma akapisa dzanja m'kati mwa katundu amapeza kuti nkhuku za pakati n'zofewa pamene za m'mbali zauma gwa ngati miyala. Mawu oyamba kutuluka pakamwa amakhala akuti "gasi watha," ndipo posakhalitsa mmisiri amafika ndi botolo lake, kuthira gasi, kulandira ndalama n'kumapita. Pakatha milungu iwiri kapena itatu vuto lija limabweranso monga linalili.

Gasi wa m'firiza satha ndi ntchito monga amathera makala pa mbaula kapena mafuta m'galimoto. Amazungulira m'mapaipi otsekedwa, ndipo ngati palibe pamene pabooka akhoza kukhala momwemo zaka zonse za makinawo. Akachepadi ndiye kuti pali podontha, ndipo kuthira wina osatseka pamenepo kuli ngati kutungira madzi m'dengu. Koma m'mafiriza ambiri amene ndawaona akuvuta motere gasi anali bwinobwino. Chimene chinalakwika chinali kapakidwe ka katundu m'kati ndi malo amene firizayo inaimikidwa.

Mmene firiza imagwirira ntchito, ndi mitundu yake iwiri

Ntchito ya firiza ndi kutenga kutentha kumene kuli m'katundu n'kukakutaya kunja. M'kati muli mapaipi otchedwa evaporeta, m'mene gasi wamadzi amasanduka nthunzi n'kumwa kutentha. Kompulesa imakoka nthunziyo n'kuipanikiza, kenako imaikankhira ku kondensa, mapaipi amene amatulutsa kutenthako mu mpweya wa m'shopu. Motero pali malo awiri amene sayenera kutsekeka: m'kati, pamene kutentha kumachoka m'katundu, ndi kunja, pamene kumatayidwa.

Mafiriza a m'malonda ali m'magulu awiri, ndipo langizo loyenera gulu limodzi likhoza kusocheretsa mwini wa gulu linalo. Gulu loyamba ndi firiza ya bokosi, ya chivundikiro cha pamwamba, imene ambiri amangoitcha deep freezer. Yotereyi kawirikawiri ilibe fani m'kati. Mapaipi ake ozizira anakwiriridwa m'makoma, ndipo katundu amazizira chifukwa chokhudza makomawo ndiponso chifukwa cha mpweya wozizira umene umatsika wokha pang'onopang'ono, popeza ndi wolemera kuposa wofunda. Gulu lachiwiri ndi firiza yoimirira ya chitseko, kaya cha galasi kaya cha chitsulo, pamodzi ndi cold room, chipinda chozizira cha m'mabutchala akuluakulu. M'menemo evaporeta imakhala malo amodzi, nthawi zambiri pamwamba, ndipo fani ndi imene imanyamula mpweya wozizira kupita kwa katundu n'kuubweza utatenga kutentha. Magulu onse awiri ali ndi mlingo umodzi: chakudya choundana chiyenera kusungidwa pa -18°C kapena kutsika apo. Pa -10°C nkhuku imamveka youma ndithu ku dzanja, koma nsomba zamafuta zimayamba kusintha fungo msanga ndipo ayisikirimu amafewa.

Za m'mbali zauma, za pakati n'zofewa

Ichi ndicho chizindikiro chofala koposa, ndipo gwero lake kawirikawiri ndi katundu wofunda amene analowa wambiri nthawi imodzi. Mabanja ambiri mu Lusaka amaweta nkhuku za broila kuseri kwa nyumba, ndipo zikakwana milungu 6 zimaphedwa tsiku limodzi chifukwa chakudya chake n'chodula. Nkhuku 50 zososoledwa, zimene zingalemere makilogalamu 70 kapena kuposerapo, zimaikidwa m'mapulasitiki zikadali zofunda n'kuunjikidwa m'firiza mpaka kukamwa. Wogulitsa nsomba zaziwisi za ku Siavonga nayenso amachita chimodzimodzi galimoto ikangotsitsa.

Pa chikwangwani chimene chamatidwa kumbuyo kwa firiza, kapena m'kabuku kake, pamakhala nambala yosonyeza makilogalamu amene makinawo angaumitse pa maola 24. Pa mafiriza a bokosi amene timawaona m'mashopu, nambalayi kawirikawiri imakhala pakati pa 10 ndi 30. Firiza ya malita 400 ikhoza kusunga katundu wochuluka amene waundana kale, koma kuumitsa wamuwisi ndi ntchito yolemera kwambiri kuposa kusunga. Kuti lita imodzi ya madzi imene yafika kale pa 0°C isanduke ayezi, payenera kuchoka kutentha kofanana ndi kumene kungachoke potsitsa madzi omwewo ndi madigiri pafupifupi 80, ndipo nyama ya nkhuku, magawo awiri mwa atatu kapena kuposerapo, ndi madzi. Mafiriza a galasi oonetsera malonda ndiye sanapangidwe n'komwe kuti aziumitsa; amayembekezera katundu amene wabwera ali wouma kale.

Nkhuku zofunda zikapanikizana pa mulu umodzi, za kunja zimaundana, koma kutentha kwa pakati kumasowa potulukira ndipo kumatenga masiku angapo kuti kuthe. Nthawi yonseyo tizilombo timakhala tikuswana m'nyama ya pakatiyo. Nyama imene yaundana mochedwa imapanganso timibulu tikulutikulu ta ayezi timene timang'amba minofu yake, n'chifukwa chake kasitomala amabwera kudzadandaula kuti nkhuku itasungunuka inatuluka madzi ambiri ndipo inachepa mu mphika. Katundu wakale amene anagundana ndi watsopanoyo nayenso amafewa pamwamba n'kuumanso, ndipo mapaketi amamatirirana kukhala chibuma chimodzi chofuna nyundo.

Kuthetsa vutoli kumafuna dongosolo kuposa ndalama. Nkhuku zizizizidwe kaye m'madzi aukhondo a ayezi kapena mu firiji mpaka zifike pa 5°C kapena kutsika apo, zikhetsedwe madzi, kenako iliyonse ilowe m'pulasitiki yakeyake. Ngati firiza ili ndi batani loumitsa msanga, lidinidwe maola angapo katundu asanalowe. Katundu watsopano ayalidwe mzere umodzi motsamira makoma, pakati pa paketi ndi paketi pakhale mpata wolowa chala, ndipo wakale asunthiridwe pakati kapena mbali ina kuti asakhudzane naye. Likatha tsiku lathunthu, atauma gwa, ndi pamene angapanikizidwe pakati kuti makoma apatse malo gulu lotsatira. Nyama yogaya ndi zidutswa za nkhuku ziphwatalitsidwe m'mapaketi osapitirira masentimita 5 kukhuthala kwake, chifukwa paketi yobulungira ngati mpira imachedwa kuuma pakati. Katundu wamuwisi asalowe ali m'katoni yotseka, pakuti katoni imatchinga kuzizira ngati bulangete. Woweta amene firiza yake imaumitsa makilogalamu 20 pa tsiku angachite bwino kupha nkhuku zake m'magulu pa masiku atatu kapena anayi, ngakhale kutero kukutanthauza kugula thumba lina la chakudya. Amene ali ndi mafiriza awiri apatule imodzi ikhale youmitsira, inayo yosungira ndi kugulitsiramo.

Za pamwamba zokha ndizo zikufewa

Mu firiza ya bokosi malo ofunda kwambiri ndi pansi pa chivundikiro. Mafiriza ambiri a malonda, makamaka a chivundikiro cha galasi, ali ndi mzere wolembedwa pa khoma la m'kati wosonyeza pamene katundu ayenera kulekezera, chifukwa pamwamba pa mzerewo kuzizira sikukwanira. Ngati mzerewo palibe, siyani masentimita 5 mpaka 10 pakati pa katundu ndi chivundikiro. Si zachilendo kuona wogulitsa akukhalira chivundikiro kuti chitseke, kapena kuikapo kireti ya zakumwa, koma chivundikiro chokakamizidwa chimapindika ndipo labala wa m'mphepete mwake, wotchinga mpweya, sadzagwiranso bwino ngakhale katundu atachepa.

Kapakidwe kamachititsanso kuti chivundikiro chizikhala chotsegula nthawi yaitali kapena yochepa. Ngati soseji imene imagulidwa kambiri pa tsiku ili pansi pa makatoni a nsomba, wogulitsa amafukula firiza yonse n'kuunjika katundu pa kauntala kasitomala akudikira. Zoyenda msanga zikhale m'mabasiketi a pamwamba, zolemera ndi zoyenda mochedwa zikhale pansi, ndipo mitundu ilekanitsidwe ndi makireti a mabowo oimika kuti dzanja lizipita molunjika. Paketi iliyonse ilembedwe tsiku limene inalowa kuti yakale izituluka poyamba. Zodyedwa osaphika, monga ayisikirimu ndi ma ice block a ana asukulu, siziyenera kukhala pansi pa nyama yaiwisi, chifukwa magetsi akazima madzi a nyamayo amadonthera pa izo. Kumene kungatheke zikhale ndi firiza yakeyake.

Nambala ikuonetsa -18°C koma shelefu ya pansi ndi yofunda

Apa tafika pa mafiriza a fani, ndipo vuto lake limasokoneza anthu chifukwa makina amaoneka ngati akunena zoona. Nambala imene imaoneka pa kagalasi kosonyeza kuzizira ndi ya mpweya umene ukukhudza sensa, kachipangizo kamene kawirikawiri kamakhala pafupi ndi pamene mpweya umabwerera ku evaporeta. Katoni yaikulu ikaikidwa pafupi kwambiri ndi potulukira mpweya, mpweya wozizira umagunda katoniyo n'kubwerera pomwepo usanafike kwa katundu wina aliyense. Sensa imamva kuzizira, kompulesa imazima, ndipo za m'munsi ndi za pafupi ndi chitseko zimatsala zikufunda. Nthawi zina zimachitika mosiyana: paketi yofunda ikatsamira sensa, kompulesa imalira osapuma ngakhale kwina konse kwazizira kale.

Choyamba n'kudziwa njira ya mpweya mu firiza yanu, chifukwa makina amasiyana. Ng'ambani kachidutswa ka tishu, mukagwire pafupi ndi timabowo ta pamwamba, ta kumbuyo ndi ta pansi fani ikuzungulira (pa makina ena muyenera kudina kaswichi ka pa chitseko kuti fani isaime). Kumene kachidutswako kakuuluzika ndiko kotulukira, kumene kakukokedwa ndiko kobwerera, ndipo malo onse awiriwa sayenera kutsekedwa ndi kanthu. Shelefu ya pamwamba isadzazidwe mpaka kudenga. Katundu asagunde khoma la kumbuyo kapena la m'mbali. Mpata wa masentimita 5 ndi wokwanira m'firiza yoimirira. Pansi penipeni pa firiza pasaunjikidwe katundu ngati palibe shelefu yomukweza.

Cholakwa chimene ndimachipeza kawirikawiri, ndipo chimachitidwa ndi anthu okonda ukhondo, ndi kuyala makatoni, nyuzipepala kapena matileyi aakulu pa mashelefu a waya kuti asade. Mashelefu amenewo anapangidwa a waya dala kuti mpweya uzidutsa kuchoka pamwamba kufika pansi. Mukawayala, firiza imodzi imasanduka tizipinda tinayi kapena tisanu, ndipo kozizira bwino kamakhala kapamwamba kokha. Mayi wina wa butchala ku Chilenje anali ataitanitsa kale mtengo wa kompulesa yatsopano, koma titangochotsa makatoni oyala pa mashelefu ndi kusunthira mapaketi kutsogolo pang'ono, m'mawa mwake soseji ya pansi inali itauma. Anafunsa kuti, "Nanga bambo, magazi akadontha ndizichita bwanji?" Yankho lake ndi mapaketi omanga bwino ndi kupukuta mashelefu kawirikawiri, kapena tileyi yaing'ono imene ikusiya mpata mbali zonse.

Mu cold room mfundo ndi yomweyi, koma mipata imakula. Evaporeta imaponya mpweya motsata denga mpaka kukhoma la kutali, mpweyawo umatsika n'kubwerera kudzera m'katundu. Makatoni asaunjikidwe kufika pa msinkhu wa mafani, ndipo kutsogolo ndi kumbuyo kwa evaporeta kukhale kopanda kanthu. Katundu akhale pa mapaleti kapena mashelefu, masentimita pafupifupi 15 kuchoka pansi ndi 10 kuchoka ku makoma, ndipo pakati pa milu pakhale tinjira toyang'ana kumene mpweya ukulowera. Makatani a pulasitiki a pakhomo amene ang'ambika kapena amangidwa pambali ndi chingwe kuti asavutitse onyamula katundu abwezeretsedwe.

Musadabwe mukaona nambala ikukwera kwa mphindi 20 kapena 30 kangapo pa tsiku, mwina galasi likuonetsa zilembo dEF. Makina a fani amadzisungunulira okha ayezi wa pa evaporeta ndi kahita, ndipo katundu wouma bwino sasintha pa nthawi yochepa chonchi. Chodetsa nkhawa ndi pamene nambala sikubwerera pamalo pake likatha ola.

Ayezi akungobwerera

Ayezi wa m'makoma ndi wa pa evaporeta amachokera ku chinyezi, ndipo chinyezicho chimalowa ndi mpweya wa kunja kapena chimatuluka m'katundu wosakulungidwa. N'chifukwa chake vutoli limakula nthawi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, pamene mpweya wa mu Lusaka umakhala wonyowa. Ayezi wa chipale amatchinga kutentha kuti kusafike ku mapaipi, ndipo pa firiza ya fani amatseka timipata ta evaporeta mpaka fani imangozungulira popanda mpweya wodutsa. Malo amene ayezi wakulira amalozera gwero lake. Akachuluka m'mphepete mwa chitseko kapena pa ngodya imodzi ya pamwamba, yesani labala: tsekerani pepala pa chitseko n'kulikoka, ndipo likasololoka popanda kugwira, pamenepo ndi polowera mpweya. Yesani mbali zonse zinayi. Nthawi zina labala amangofuna kutsukidwa ndi madzi ofunda a sopo chifukwa magazi ndi shuga zaumirapo, nthawi zina ndi katoni imene yatulukira pa shelefu n'kumakankha chitseko. Ayezi akaundana pansi pa firiza ya fani, kapaipi kotulutsa madzi katsekeka.

Firiza ya bokosi isungunulidwe ayezi akafika mamilimita 5 kapena 6 kukhuthala kwake, tsiku limene katundu wachepa. Zimitsani, samutsirani katundu mu firiza ina kapena m'mabokosi osunga kuzizira, ikani mabeseni a madzi ofunda m'kati, ndipo palani ndi chopalira cha pulasitiki kapena cha mtengo. Mpeni ndi sikuludiraiva zaononga mafiriza ambiri, chifukwa mapaipi ali kuseri kwenikweni kwa khoma lopyapyala, ndipo makina ambiri a masiku ano amagwiritsa ntchito gasi wa R600a kapena R290, amene amayaka moto. Pukutani m'kati mpaka muume musanayatse, ndipo dikirani kuti muzizire musanabweze katundu.

Paketi imene m'kati mwake mwadzaza chipale, ndipo nyama yake yatuwa n'kuuma ngati chikopa, imasonyeza kuti kuzizira kwakhala kukukwera ndi kutsika. Madzi amachoka m'nyama n'kukaundana pa pulasitiki. Nyama yotero siidwalitsa, koma imalimba ndipo kasitomala saibwerera. Kufinya mpweya wonse pomanga paketi kumachepetsa vutoli.

Kunja kwa firiza

Shopu ya mu Soweto Market kapena mu Kamwala imakhala yopanikiza, ndipo firiza imakankhidwira pakona, kumbuyo kwake n'kuikidwa matumba a makala, makireti ndi matsache. Kutentha kumene kondensa ikutaya kumangozungulira pomwepo. Pa mafiriza ambiri a bokosi kondensa ili m'kati mwa makoma a kunja, n'chifukwa chake m'mbali mwake mumamveka mofunda. Firiza yotero ikagundana ndi khoma la nyumba kapena ndi firiza inzake, kapena ikafunditsidwa chitenje mpaka pansi kuti ioneke bwino, imasowa popumira. Siyani masentimita 10 kapena kuposerapo kumbuyo ndi m'mbali, ndipo timabowo ta pa chipinda cha kompulesa tisatsekedwe. Firiza isakhale pamene dzuwa likulowera pakhomo kapena pafupi ndi mbaula ndi chokazingira chipisi.

Fumbi la Ogasiti ndi Sepitembala, likasakanizika ndi nthenga ndi mafuta, limamata pa kondensa ya makina a fani ngati nsalu, ndipo limafika nthawi yoipa chifukwa kutentha kwa Okutobala, kumene masana kumapitirira 30°C, kumakhala kuli pakhomo. Zulani pulagi n'kutsuka kondensa ndi burashi yofewa kamodzi pa mwezi, motsata timizere take kuti tisapindike. Yang'ananinso pa chikwangwani chija gulu la nyengo limene makinawo anapangidwira. Chilembo T chimatanthauza kuti angapirire mpaka 43°C, ST mpaka 38°C, pamene N amalekezera pa 32°C. Pa mafiriza oonetsera malonda gululi limalembedwa ndi nambala: 3 ndi la chipinda cha 25°C, 4 ndi la 30°C. Firiza ya gulu 3 m'kantemba ya malata yopanda siling'i idzavutika mu Okutobala ngakhale ipakidwe mwaluso bwanji, ndipo chothandiza ndi kupititsa mphepo m'chipindamo.

Magetsi akamazimazima

Chilala cha 2024, chimene chinachepetsa madzi ku Kariba mpaka kampani ya magetsi ya ZESCO inafika pozimitsa magetsi maola 17 kapena kuposerapo pa tsiku, chinasintha kaganizidwe ka amalonda ambiri pa nkhani ya kapakidwe. Firiza yodzaza ndi katundu wouma bwino, ikapanda kutsegulidwa, imasunga kuzizira pafupifupi maola 48, pamene yodzaza theka imasunga pafupifupi maola 24. Ya chitseko kapena chivundikiro cha galasi imalephera msanga kuposa pamenepa. Wina angaone ngati izi zikutsutsana ndi langizo losiya mipata, koma zimagwirizana. Mu firiza ya bokosi, katundu amene wauma kale apanikizane ndithu mpaka pa mzere, chifukwa mapaketi amasungirana kuzizira. Mu firiza ya fani, mapaketi akhale pamodzi pakati pa shelefu, njira za mpweya za m'mbali, za kumbuyo ndi za pamwamba zikhale zotsegula.

Katundu akachepa, malo otsala adzazidwe ndi mabotolo a madzi oundana. Botolo lisadzazidwe mpaka kukamwa chifukwa madzi amafufuma akamaundana, ndipo mabotolowo alowe ochepa pa tsiku, chifukwa nawonso ndi katundu wofunda amene makina ayenera kuumitsa. Pa masiku amene magetsi akubwera maola ochepa, musaike katundu wamuwisi n'komwe. Maola amenewo sakwanira ngakhale kubwezeretsa kuzizira kwa amene ali kale m'katimo. Gulani wochepa, wouma kale. Kufunditsa firiza bulangete magetsi atazima kumathandiza, koma lichotsedwe akangoyaka.

Magetsi akabwera amayamba mosakhazikika, ndipo kompulesa imene yayatsidwa itangozima kumene imalephera kudzuka n'kumangolira kuti "tiki". Kachipangizo ka pa soketi kotchedwa fridge guard kamachedwetsa kuyaka kwa mphindi zingapo ndipo kamadula magetsi akatsika kapena akakwera mopitirira. Chingwe chachitali chopyapyala chodyetsa mafiriza atatu pa soketi imodzi chimatsitsa mphamvu ndipo chimatentha. Wogwiritsa ntchito jenereta akumbukire kuti kompulesa poyamba kuzungulira imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa ikamayenda, motero mafiriza ayatsidwe imodziimodzi.

Kuyeza, ndi katundu amene wasungunuka

Dzanja silingasiyanitse -8°C ndi -18°C. Gulani themometa ya mu firiza, muiike pakati pa mapaketi awiri pa malo amene mukuwakayikira, monga pansi pa chivundikiro kapena pa shelefu ya pansi pafupi ndi chitseko, ndipo muiwerenge m'mawa musanayambe kugulitsa ndi madzulo potseka. Lembani manambalawo m'kope pamodzi ndi maola amene magetsi anazima ndi tsiku limene katundu watsopano analowa. Ukatha mlungu kopelo limaonetsa lokha ngati vuto limatsatira kulowa kwa katundu, kutentha kwa masana kapena kuzima kwa magetsi. Mukasintha kapakidwe, dikirani maola 24 musanaweruze, ndipo musathamangire kupotoza thermostat, batani losinthira kuzizira, mpaka kumapeto, chifukwa siiwonjezera mphamvu ya makina. Imangowauza kuti asapume.

Kuti mudziwe chimene chinachitika usiku kapena pa Sabata, umitsani botolo la madzi theka litagona, kenako muliimike. Mukadzapeza ayezi ali pansi pa botolo, ndiye kuti anasungunuka n'kuumanso, ndipo katundu wanu anachitanso chimodzimodzi. Kuumitsa sikupha tizilombo toyambitsa matenda. Timangogona, ndipo timadzuka nyama ikafunda. Nyama imene ikadali ndi ayezi m'kati, kapena imene sinapitirire 5°C, ikhoza kuumitsidwanso ngakhale ubwino wake utsika. Imene yakhala pamwamba pa 5°C kwa maola oposa awiri itayidwe, ngakhale isanayambe kununkha, ndipo ayisikirimu wosungunuka saumitsidwanso. Kutaya katoni ya nkhuku n'kopweteka, koma lamulo la chitetezo cha chakudya la 2019 limaletsa kugulitsa chakudya chosayenera kudyedwa, ndipo oyendera zaumoyo a khonsolo ya mzinda ali ndi mphamvu yochilanda.

Nthawi yoitana mmisiri

Ngati mipata yasiyidwa, ayezi wachotsedwa, kondensa yatsukidwa, labala akugwira, ndipo patatha tsiku lathunthu la magetsi themometa ikukanabe kufika pa -18°C, vuto lili m'makina. Zizindikiro zake ndi fani imene siizungulira kapena ikukhula, evaporeta imene imabwerera kukhala chibuma cha ayezi patangopita masiku ochepa, kompulesa imene ikuyesa kudzuka n'kuzima mobwerezabwereza, chipale chimene chikugwira chigawo chimodzi chokha cha makoma kwina kuli kouma, ndi mafuta odontha pa mfundo za mapaipi. Ziwiri zomalizazi ndizo zimalozera ku gasi. Muonetseni mmisiri kope lanu la manambala, ndipo akanena kuti gasi wachepa, mupempheni akuonetseni podontha, apatseke, achotse ndi pampu mpweya wonse umene uli m'mapaipi, kenako athire mtundu wa gasi ndi magalamu amene alembedwa pa chikwangwani cha makinawo.